Dzimbiri la pa chowotchera nyama: mvula timangoinamizira

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzipepala yathuyi ndilankhulepo pa nkhani imene ena angaione ngati yachibwana, chonsecho ikudya ndalama za anthu chaka ndi chaka. Ndikunena zowotchera nyama zija zimagulidwa mu Disembala zikunyezimira, koma pofika Isitala pansi pake pabooka, makala akugwera pa mapazi a wowotcha. Ukamufunsa mwini wake, yankho limakhala limodzi: "Mvula ya chaka chino inanyanya." Ine ndikukana. Mvula imangomalizitsa ntchito imene inayambika tsiku logula.

Ndine mmisiri wowotcherera zitsulo. Ndinagwira ntchito m'mafakitale a ku Southerton ndi ku Willowvale mpaka maso atayamba kukana, ndipo pano ndimangokhala pakhomo kuno ku Mufakose, mu mzinda wa Harare, kumathandizako anyamata akabwera ndi ntchito yowakanika. Malemu bambo anga anachoka ku Nkhotakota nthawi ya Chitaganya, m'ma 1950, kudzasaka ntchito, choncho abale ndili nawo mbali zonse ziwiri, kuno ndi kunyanja. N'chifukwa chake ndikulembera onse: a kuno ku Harare, amene Loweruka silitha osanunkhiza kanyenya, ndi akumudzi amene amatituma kuti pobwera pa Khirisimasi tiwatengere chowotchera "cha ku Joni", ngati kuti chitsulo chikangodutsa pa Beitbridge chimasiya kuchita dzimbiri.

Dzimbiri limafuna chitsulo chosaphimbika, madzi ndi mpweya, basi. Pakalowa mchere, ntchito imafulumira. Tsono taonani malo amene tikukhala. Harare ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, mamilimita pafupifupi 800 pachaka, kenako kuyambira Meyi mpaka Sepitembala kumauma gwa, milomo kuchita kung'ambika. Chitsulo kuno chimapuma theka la chaka. Kunyanja si choncho. Nyanja ya Malawi ili m'chigwa, mamita osakwana 500, kumatentha, ndipo mpweya umakhala wachinyezi ngakhale tsiku limene kumwamba kulibe kamtambo. Ku Nkhata Bay mvula imaposa mamilimita 1,500 pachaka. Mwayi wake ndi woti madzi a nyanja yathu alibe mchere. Ku Beira ndiye kotheratu, chifukwa mphepo ya kunyanja imabwera ndi chinyezi ndi mchere pamodzi, n'kumazipaka pa chitsulo chilichonse usiku ndi usana. Ndiye ngati chowotchera chanu chikubooka dzinja limodzi kuno ku Harare, kumene chitsulo chili pamtendere, ku Salima chimenecho sichingadikire kuti mondokwa akhwime.

Choyamba kuyang'ana ndi kuchindikala kwa chitsulo pamene pamagona moto. Penti musamuwerengere. Makala akayaka bwino amatentha kupitirira madigiri 600, ndipo penti wamba amapsa pa moto woyamba womwe. Ngakhale penti wopirira moto, uja wa m'zitini zopopera wolembedwa 600 kapena 650, amathandiza kunja kokha, m'mbali ndi m'miyendo. Pansi pamene makala amagunda palibe penti amene amakhalitsa. Motowo pawokha umadyanso chitsulo: chikafiira n'kuzizira, pamwamba pake pamasendeka timakoko takuda, sabata yamawa chimodzimodzi. Choncho dzimbiri lokha lichita basi, kuzemba kulibe. Nkhani yagona pa kuchuluka kwa chitsulo choti lidye lisanatulukire kuseri. Zotchipa zambiri za m'masitolo, zija zobwera m'katoni kuti ukalumikize wekha ndi timabawuti, chitsulo chake sichikwana milimita imodzi. Mgolo wa malita 200, umene ambiri amaudula pakati, nawonso ndi wa milimita imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Ine sindilola munthu wanga kugula chowotchera chimene pogona moto pake sipakwana mamilimita 3. Wa kunyanja ndingamuuze 4 kapena 5 ngati m'thumba mukulola.

Kuti mudziwe zimenezi simusowa chida cha mmisiri. Mukapita ku msika wa amisiri wa Siyaso, ku Mbare mu Harare, kumene nyundo zimalira kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, musayambe ndi kufunsa mtengo. Njutani, pisani dzanja kunsi, kanikizani ndi chala chachikulu pakati penipeni. Chikabonyoka n'kubwerera kuti "pho", chisiyeni pomwepo, ngakhale wogulitsa akuitaneni bwana kangati. Chinyamuleni mbali imodzi: chabwino chimakukanizani mpaka muitane mnzanu. Gogodani ndi kiyi wa galimoto kapena kandalama. Chochindikala chimangoti "du, du", chopyapyala chimati "ngwe-e" mpaka tsidya la msika kumva. Mukatero yang'anani mowotcherera. Mzere uyende wonse osadukiza. Mukaona timadontho apa ndi apo, pakati pali mipata, dziwani kuti m'mipatamo mudzalowa madzi ndi mafuta amchere, ndipo dzimbiri limakonda kuyambira m'malo oterowo, mosafika nsalu kapena dzuwa. Penti wounjikana pa ngodya amabisa zambiri. Kandani ndi chikhadabo; nthawi zina mupeza kuti kunsi kwake kuli phala lija amamatira magalimoto ophwanyika, limene pa moto limangoyoyoka.

Miyendo anthu saiyang'ana, koma ndi imene imagwetsa nyama m'dothi alendo akuona. Ya paipi yopyapyala imawola kuyambira m'kati: madzi amalowera pamwamba n'kukhazikika pansi, inu kunja mukuona penti ali bwinobwino. Yabwino ndi ya angle iron, chitsulo chija chopindika ngati chilembo cha L, poti mbali zake zonse zili poyera, mutha kuipala n'kuipentanso. Ikakhala ya paipi, mmisiri atseke pamwamba, aboole kabowo pansi.

Za mgolo ndiwonjezepo mawu awiri. Funsani kuti munali chiyani. Migolo ina imachokera m'mafamu ndi m'migodi, munali mankhwala ophera tizilombo ndi zina zoopsa, ndipo kutsuka ndi sopo sikuchotsa zonse. Wabwino ndi umene munali mafuta ophikira kapena zakudya zina, komabe muyambe mwasonkhamo chimoto chopanda nyama mpaka penti yense ndi zokutira za m'kati zitapsa. Ena masiku ano akudula masilinda akale a gasi, aja aatali a makilogalamu 48. Chitsulo chake n'chabwino ndithu, chochindikala kuposa cha mgolo, koma kudula silinda si ntchito yophunzirira pakhomo. Gasi amatsalira m'kati ngakhale silinda ikupepuka, ndipo kathetheka kamodzi ka grinder n'kokwanira kusonkhanitsa anthu pa maliro. Apatseni odziwa, amene amayamba achotsa valavu n'kudzazamo madzi.

Tsopano ndifike pa mdani amene timamusunga tokha, phulusa. Amayi athu akafuna kuphika therere amadontheza madzi pa phulusa n'kupeza chidulo, ndipo makolo akale ankapeza mchere mwa njira yomweyo. Ndiye kuti m'phulusa muli michere yake. Likakhala louma silivuta kwenikweni. Koma likanyowa limasunga madzi masiku ambirimbiri. Pamwamba pamaoneka pouma, dzuwa likuswa mtengo, kunsi kuli chinyontho chogundana ndi chitsulo chimene penti wake anapsa kalekale. Ndaona kambirimbiri pa zinkhoswe ndi pa misonkhano ya mabungwe athu a maliro: nyama yatha, anthu akhuta, mnyamata wina amatenga ndowa n'kukhuthulira pa makala, "tsss", nthunzi kuti tolo, aliyense n'kubalalika. Madzi ozizira pa chitsulo chofiira amachipinda, amang'amba mowotcherera, ndipo phala la phulusa lija limagona mmenemo mpaka Loweruka linalo. Onjezanipo mafuta a nyama odontha pamodzi ndi mchere, mandimu ndi tsabola. Zimenezi zimachitika mu Ogasiti, kumwamba kulibe mtambo ndi umodzi womwe, ndiye mvula ilakwa chiyani?

Choncho pogula funsani kuti phulusa lizitulukira pati. Pakhale thireyi yosolola, kapena kachitseko, ndiponso mabowo pamalo otsikitsitsa kuti madzi akalowa apeze njira. Mgolo wodula pakati wopanda bowo pansi ndi chomwera nkhuku, osati chowotchera. Chachiwiri, makala asagone pa thupi la chowotcheracho. Pakhale kasefa ka zitsulo zochindikala, kapena chidutswa cha pulete chongoikapo, chosawotcherera, kuti chikatha muchichotse n'kuikapo china popanda kutaya chowotchera chonse. Mbaula zija zokhala ndi dothi lowotcha m'kati zimakhalitsa kuposa za malata okhaokha pa chifukwa chomwechi: moto sugunda lata. Ena amayala njerwa pansi, zimenezo ndimavomereza poti mutha kuzinyamula n'kusesa. Mchenga ayi, ukanyowa umachita zomwe phulusa limachita. Ndipo pozimitsa moto, kokerani makala mu chitini chachitsulo chokhala ndi chivindikiro, azime okha posowa mpweya. Mawa muwagwiritsanso ntchito, makala mmene adulira masiku anomu.

Ngati ndalama zili zochepa, ziikeni pa waya wogonekapo nyama, chifukwa ndi amene amakhudza chakudya cholowa m'mimba mwa ana anu. Apa ndi pamene anthu amapusitsidwa kwambiri. Waya wonyezimira amene amabwera ndi zowotchera zotchipa ndi chitsulo wamba chokutidwa ndi kakhungu kopyapyala zedi ka chrome. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Moto ukangong'amba kakhunguko, dzimbiri limayenda kunsi kwake, ndipo timakoko tonyezimira timayamba kukakamira pa soseji.

Sitenilesi weniweni, chitsulo chija chosachita dzimbiri wamba, si wokutira. Chromium imasakanizidwa m'chitsulo chonse pochisungunula, magawo osachepera 10.5 pa 100 alionse, ndipo ikakumana ndi mpweya imapanga kakhungu kosaoneka ndi maso, kamene kakakandika kamameranso kokha. Chitsulo chimenechi anachitulukira Harry Brearley ku Sheffield, ku England, mu 1913. Chimene chimandiwawa ine monga mmisiri n'choti miyala ya chrome ili pompano, pa mtandadza wa mapiri wa Great Dyke, ndipo Zimbabwe ndi limodzi mwa mayiko olemera kwambiri ndi miyalayi padziko lonse. Amaisungunula ku Kwekwe n'kuitumiza kunja, nickel anakumba zaka zambiri ku Bindura, koma ife timakagula waya wa sitenilesi wochokera kutsidya kwa nyanja pa mtengo woboola m'thumba. Ng'anjo za kampani yopanga zitsulo ya ZISCO ku Redcliff zinazima mu 2008; za ku Manhize zinayamba kutulutsa chitsulo mu 2024. Kaya ana athu adzawotcherapo nyama pa sitenilesi wopangidwa konkuno, tiona. Koma ndisasochere.

Sitenilesi ali ndi mitundu, ndipo wogulitsa akangoti "ndi sitenilesi, bambo" sanakuuzeni kanthu. Wa nambala 304 ali ndi chromium magawo 18 ndi nickel magawo 8. Mukatembenuza supuni zina mupeza palembedwa 18/8, ndi yemweyo. Wa nambala 430 ali ndi chromium magawo 16 mpaka 18 koma nickel mulibe kwenikweni, n'chifukwa chake ndi wotchipirapo, ndipo pa chinyezi amatuluka mawanga. Wa 316 amawonjezeramo molybdenum magawo 2 mpaka 3 kuti apirire mchere. Kuno ku Harare 430 akhoza kukutumikirani ngati mumamusunga pansi pa denga. Ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhata Bay, funani 304. Wa 316 ndi wa abale athu a ku Beira ndi ku Quelimane. Wogula ameneyu kuti akawotchere ku Highfield, mu Harare muno, ndiye kuti ndalama zikumuyabwa.

Tengani maginito popita kukagula, ngakhale aja ochotsa mu sipika yakale ya wailesi. Pa 430 amamata kuti nga, monga pa chitsulo wamba. Pa 304 samata, kapena amangokoka pang'ono pamene chitsulo chinapindidwa. Komabe maginito sanena zonse. Kuli mtundu wina, wa nambala 201, umene nickel anachepetsa n'kuikamo manganese. Maginito samata, kunyezimira ndi komweko, koma pa chinyezi suchedwa kuthimbirira. Ndiye muuzeni wogulitsa alembe nambalayo pa lisiti. Akayamba kukanda m'mutu, mwadziwa. Maginito omwewo muwayendetse pa mabawuti, pa mahinjesi ndi m'miyendo. Zowotchera zambiri zodula zimakhala ndi chivindikiro cha sitenilesi wabwino kuti maso akhute, koma mabawuti ndi achitsulo wamba, ndipo ndi amene amayamba kulira misozi yofiira n'kumadetsa zonse. Mukapangitsa kwa mmisiri, muumirire kuti awotcherere ndi ndodo za sitenilesi. Akagwiritsa ndodo wamba, waya adzakhala woyera koma molumikiza monse mudzafiira, ndipo tsiku lina nthiti za wayayo zidzayamba kuthothoka imodziimodzi.

Sitenilesi naye ali ndi zodana nazo. Musamuviike mu Jik kapena mankhwala ena a chlorine, amamuboola timaenje. Musamukweche ndi sitilu wulu kapena burashi imene munapalira chitsulo wamba, chifukwa tizidutswa ta chitsulo timatsalira pamwamba n'kuchita dzimbiri, inu n'kumati anakuberani. Mawanga oterowo kawirikawiri amakhala apamwamba chabe. Soda wophikira ndi kasiponji kokhakhala amachotsa.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikupempha owerenga asaziike pa moto ngakhale zitakhala zaulere. China ndi waya wokutidwa ndi zinki, uja wa mpanda kapena wa khola la nkhuku, pamodzi ndi malata ofolera nyumba. Anthu amawakonda poti sachita dzimbiri msanga. Zinki imasungunuka pa madigiri pafupifupi 420, moto wa makala umapitirira pamenepo, ndipo ikapsa imatulutsa utsi woyera. Ife owotcherera utsi umenewu timaudziwa bwino: masana uli bwinobwino, usiku thupi limayamba kuphwanya, kunjenjemera, m'kamwa kumveka chitsulo. Anyamata amati ukamwa mkaka zimatha. Mkaka suteteza mapapo a munthu. Chinacho ndi mashelefu a mufiriji yakufa, amene ndimawaona m'misewu pa zowotchera chimanga. Ena ndi okutidwa ndi pulasitiki, ena ndi zinki, ndipo akalekale ena ankakutidwa ndi cadmium, amene ndi poizoni weniweni. Anapangidwira kuzizira, osati moto.

Nanga wosakwanitsa sitenilesi atani? Asadandaule. Ine pakhomo panga waya ndi wa ndodo zobulungira za chitsulo wamba, za mamilimita 8, zimene ndinawotcherera ndekha. Za mamilimita 6 nazonso zimagwira ntchito. Chinsinsi chake ndi mafuta. Nyama ikatha, waya akadali wofunda, ndimapala zotsalira, n'kupukuta ndi anyezi wodula pakati wobaya pa foloko, kenako kansalu koviika m'mafuta ophikira, n'kukamupachika pa msomali m'khitchini. Pakapita nthawi amada bii, kuchita kuterera, ndipo kuda kumeneko ndiye chitetezo chake. Amene amakwecha mpaka kuyera mbee akuchotsa chimene chikanamusunga. Pitani kwa Mereki, ku Warren Park mu Harare muno, mukaone mawaya a amayi amene amawotcha nyama kumeneko. Si a sitenilesi wodula, koma dzimbiri silipeza mpata poti moto ndi mafuta zimafikapo tsiku lililonse. Chimawola msanga ndi chowotchera cha bwana, chimene chimayaka pa Khirisimasi n'kukagona kuseri kwa galaja mpaka pa tchuthi cha Heroes mu Ogasiti.

Cast iron, chitsulo cha mtundu wa miphika ija ya miyendo itatu, imasunga moto bwino ndipo nyama imapsa mokoma, koma imafuna chisamaliro chomwecho cha mafuta. Mukaitsuka n'kuisiya yonyowa, m'mawa mupeza yafiira. Musachite mantha, dzimbiri lake limakhala la pamwamba poti ndi yochindikala. Palani, pakani mafuta, ikani pa moto. Choopa ndi kuigwetsa pa simenti kapena kuithira madzi ili yotentha, imasweka, ndipo kuilumikiza ndi ntchito yovuta ngakhale kwa ife.

Zija zobulungira zokhala ndi chivindikiro, zimene George Stephen anayambitsa ku America mu 1952 n'kutchuka ndi dzina la Weber, chitsulo chake si chochindikala kwenikweni, koma zenizeni zimakutidwa ndi enamel, amene ndi galasi losungunulira pa chitsulo pa moto wa madigiri 800 kapena kuposerapo. Mvula siilowa. Kufooka kwake ndi komwe kwa mbale ndi makapu a enamel amene tinakulira: pakagunda mwala pamatheka, ndipo pothekapo ndi pamene dzimbiri limalowera. Choncho pogula yendetsani chala m'mphepete monse, ndipo samalani ndi zongofanizira, zopaka penti wakuda wonyezimira m'malo mwa enamel. Za aluminiyamu sizichita dzimbiri lofiira, koma chidulo cha phulusa lonyowa chimazidya kuposa mmene chimadyera chitsulo. Za gasi zilibe phulusa, komabe timapaipi totulutsa moto ndi timene timayamba kubooka. Musanagule funsani ngati tosinthira timapezeka m'tauni muno.

Kasungidwe nakonso kamapha zowotchera zambiri, makamaka kwa anthu osamala. Munthu amagula chipepala cha pulasitiki, n'kukulunga chowotchera chonse mpaka pansi, n'kumanga ndi lamba wa chubu kuti dontho lisalowe. Masana dzuwa limatenthetsa m'katimo, chinyezi cha m'nthaka chimakwera, usiku kukazizira chimasanduka mame pa chitsulo, ndipo potulukira palibe. Pomasula mu Epulo amapeza zoopsa kuposa za mnzake amene anangosiya pa mtetete. Chofunika ndi denga pamwamba ndi mphepo m'mbali. Pakhonde ndi pabwino. Miyendo ikhale pa njerwa kapena pa simenti, osati pa kapinga. Mukaphimba, kunsi kukhale kotsegula. Ndipo musachiike m'shedi imodzi ndi matumba a feteleza. Aliyense amene anasungapo khasu kapena njinga pafupi ndi feteleza akudziwa chimene ndikunena.

Pokamba za khonde ndichenjezepo: kusunga chowotchera m'nyumba n'kwabwino, koma chikhale chozima ndi chozizira. Mvula ikamagwa, magetsi atathima, kapena m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, anthu amalowetsa makala oyaka m'chipinda n'kutseka mawindo. Mpweya wa makala, carbon monoxide, ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amangomva tulo. Chaka chilichonse timamva za mabanja opezeka atafa m'nyumba chifukwa cha mbaula.

Kwa abale a kunyanja, malangizo anga ndi omwe ndinapatsa mphwanga amene amawotcha chambo ndi kampango pa kamalo kake ku Nkhotakota. Anandiimbira kuti, "Malume, mundipangire chachikulu cha mgolo, chokhala ndi chumuni, mutumize pa basi." Ndinamuuza kuti njerwa sizichita dzimbiri. Amange zipupa ziwiri za njerwa zowotcha kufika m'chiuno, pogona moto ayalepo njerwa zomangira dothi la pachulu, chifukwa simenti wamba amang'ambika ndi moto, pamwamba aikepo kadenga ka malata kotalikirana ndi malawi. Chitsulo chikhale pa waya yekha, ndi ndodo zingapo zogwirira makala. Waya wa 304 ndinamupangira kuno, ndipo anadutsa pa Nyamapanda, pa Tete mpaka pa Dedza atagona pansi pa chikwama cha zovala, popanda kukangana ndi kondakitala za mtengo wa katundu. Chimodzi chokha ndinamuumiriza: adikire waya afike, ndiye amange zipupa poyeza pa wayayo. Ambiri amayamba ndi kumanga, kenako n'kumazungulira m'misika ndi kachingwe kufuna waya wokwana pamenepo.

Mawu otsala ndi a ife amisiri ndi inu ogula, poti mlanduwu tonse tili nawo. Anyamata a ku Siyaso ntchito amaidziwa. Ndawaona akupanga ngolo, mageti ndi zigayo zazing'ono zolimba bwino. Koma wogula akafika amanenerera mpaka mtengo kutsika kufika poti sungagule n'komwe pulete ya mamilimita 3. Mnyamatayo ali ndi lendi yoti alipire, ndiye amavomera, n'kukatola lata la chitseko cha galimoto yakufa, kulipaka penti wasiliva, inu n'kunyamula mukusekerera kuti mwamudya. Njira yabwino ndi kukagula nokha pulete ndi angle iron kwa ogulitsa zitsulo, muone ndi maso anu akuyeza, n'kumulipira mmisiri za manja ake zokha. Mukatero mumuuze zonse musanapereke dipoziti: thireyi ya phulusa, mabowo a madzi, kasefa ka makala kochotseka, ndi waya wokwezeka ndi kutsitsika.

Kwa amisiri anzanga ndi eni masitolo, pempho langa ndi laling'ono. Pa thumba la feteleza pamalembedwa zimene zili m'katimo, pa botolo la mafuta pamalembedwa malita. Lembaninso pa chowotchera chilichonse, ngakhale ndi choko, kuti pansi pake ndi mamilimita angati ndipo waya wake ndi wa nambala yanji. Ndipo inu Akonzi, Disembala ikamayandikira, masitolo akayamba kudzaza masamba anu ndi zithunzi za zowotchera zonyezimira, tumizaniko mtolankhani mmodzi ali ndi maginito m'thumba, akayendere masitolowo ku Lilongwe ndi ku Blantyre, adzatiuze kuti amata pa zingati.

Ine wanu,
Mmisiri wowotcherera zitsulo wopuma ntchito,
Mufakose, Harare